Mulungu ali kuti pamene tikulira? Mafunso ndi mayankho kwa anamfedwa ndi okhuza maliro

Mafunso ali m'munsimu amamveka pa siwa, m'makonde a chipatala chachikulu cha Zomba, komanso m'nyumba za anamfedwa anthu akabalalika. Ochepa amafunsidwa mokweza. Ambiri amanong'onezedwa kwa mkulu wa mpingo, mayi wa Mvano kapena mtsogoleri wa mphakati. Khalani ndi Baibulo pafupi kuti muziwerenga nokha mavesi amene tatchula.

Tikamati Mulungu ndiye wolamulira zonse, tikutanthauza chiyani?

Malemba amaika mfundo zitatu pamodzi, ndipo mawu ambiri opweteka a pamaliro amatuluka munthu akagwira imodzi n'kutaya zinazo.

Yoyamba, palibe chimene chimam'dzidzimutsa Mulungu kapena kum'pulumuka m'manja. Yesu anati ngakhale mpheta, kambalame kotchipa zedi, siigwa pansi popanda Atate (Mateyu 10:29). Yachiwiri, zoipa sizichokera mumtima mwa Mulungu: sayesa munthu ndi choipa (Yakobo 1:13), ndipo sakondwera kusautsa ana a anthu (Maliro 3:33). Yachitatu, munthu ali ndi mlandu pa zimene wachita.

Yosefe anagulitsidwa ndi abale ake ndi ndalama zasiliva 20. Patapita zaka anawauza kuti iwo anam'konzera zoipa, koma Mulungu anakonza zabwino kuti anthu ambiri apulumuke ku njala (Genesis 50:20). Sanawauze kuti sanalakwe. Petro naye ananena za mtanda kuti Yesu anaperekedwa mwa uphungu wa Mulungu, komabe amene anam'pachika anali ndi mlandu (Machitidwe 2:23).

Mukataya mfundo yoyamba mumakhala mwamantha, n'kumaona ngati Satana kapena mfiti ya m'mudzi ikulingana mphamvu ndi Mulungu. Mukataya yachiwiri, Mulungu amasanduka wankhanza woti simungam'gwadire ndi mtima wonse. Mukataya yachitatu, dalaivala amene anayendetsa minibasi ataledzera pamsewu wa Zomba ndi Blantyre amapulumukira m'mawu akuti “inali nthawi yawo”.

Ndiye kuti Mulungu ndiye wapha mwana wanga?

Sitingakuuzeni kuti Mulungu sanaone, kapena kuti analephera. Limenelo lingakhale bodza, ndipo silitonthoza: Mulungu wogonja kwa malungo angakuthandizeni bwanji mawa? Koma sitinganenenso kuti wapha mwana wanu ngati mmene chigawenga chimaphera munthu. Yobu atataya ana 10 tsiku limodzi anati Yehova anapatsa, Yehova watenga (Yobu 1:21). Mutu womwewo ukutionetsanso Aseba ndi Akasidi olanda ziweto, moto, mphepo yogwetsa nyumba, ndi Satana amene anaikiridwa malire. Baibulo silifufuta mbali iliyonse mwa ziwirizi.

Imfa imatchedwa mdani, ndipo ndi mdani wotsiriza amene adzathetsedwe (1 Akorinto 15:26). N'chifukwa chake mawu onga “Mulungu wathyola duwa lake” kapena “wam'konda kwambiri” sitiwalimbikitsa. Onena amafuna kutonthoza, koma mayi amene mabere ake akadali ndi mkaka amamva kuti Mulungu anasowa duwa n'kudzatenga lake. Chifukwa chenicheni chimene mwana wanu wapitira pamsinkhu umenewu chili m'gulu la zobisika za pa Deuteronomo 29:29. Aliyense wokuuzani kuti akuchidziwa akunena zoposa zimene anapatsidwa.

Kodi ndi chilango cha machimo anga, kapena a makolo anga?

Yesu anakumana ndi funso limeneli kawiri. Ophunzira ataona munthu wobadwa wakhungu anafunsa kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake. Yesu anati si iye, si makolo ake (Yohane 9:1-3). Za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, anati sanali ochimwa koposa ena onse a mu Yerusalemu (Luka 13:4-5). Abwenzi a Yobu analimbikira kuti tsoka lotere silingabwere popanda tchimo lobisika, ndipo pamapeto Mulungu anakwiyira iwowo (Yobu 42:7).

Kuno ku Zomba timawadziwa madzi osefukira. Akuluakulu amasimbabe za Napolo wa mu Disembala 1946, ndipo namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anasiya mabanja ambiri m'chigawo chakummwera opanda nyumba, ena opanda ngakhale manda oti n'kuloza. Amene nyumba zawo zimayamba kugwa ndi okhala m'mphepete mwa Likangala, m'madambo a ku Chilwa, m'munsi mwa mapiri ometedwa mitengo, ndi omanga ndi zidina chifukwa simenti siigulika. Umenewo ndi umphawi ndi malo okhala, osati muyeso wa uchimo.

N'zoona kuti zochita zina zimabala zowawa zake. Mungasiyanitse motere: Mzimu Woyera akamatsutsa munthu amatchula tchimo lodziwika, limene mungaliulule n'kukhululukidwa (1 Yohane 1:9), n'kukonza pamene pangakonzeke. Koma kudziimba mlandu kosatchula kanthu, kongoti “kaya ndinalakwa chiyani”, kobwera usiku uliwonse, n'chisoni chimene chikufuna poti chitsamire. Musachisandutse chiweruzo.

Anthu akundiuza kuti ndisalire ngati wakunja. Kulira n'kusakhulupirira?

Ayi. Vesi limene amalitchulalo, 1 Atesalonika 4:13, likuletsa kulira kopanda chiyembekezo, osati kulira. Yesu analira kumanda a Lazaro akudziwa kuti amuukitsa posachedwa (Yohane 11:35). Naomi atabwerera ku Betelehemu wopanda mwamuna ndi ana ake awiri anauza amayi a m'mudzi kuti azim'tchula Mara, popeza Wamphamvuyonse wam'chitira zowawa (Rute 1:20-21). Salimo 88 limayambira mumdima n'kuthera mumdima momwemo, ndipo lili m'buku la nyimbo za anthu a Mulungu.

Kudandaula kwa Aisraeli kumene Mulungu anadana nako m'chipululu kunali kum'nenera kumbali, n'kumafuna kubwerera ku Ejipito. Kwa m'Masalimo n'kum'yang'ana iye mwini n'kumuuza. Salimo 13 lili ndi mavesi 6 okha, ndipo mungalitsatire ngati njira yopempherera. Yambani ndi funso limene lili mumtima, mosalikongoletsa: kufikira liti, Yehova? Kenako nenani chimene chikuwawa, mochitchula dzina: bedi lopanda munthu, fizi ya ana, mawu amene apongozi analankhula kumanda. Kachitatu, pemphani chinthu chimodzi cha lero, kaya tulo kaya mphamvu yodzuka kukatunga madzi. Pomaliza kumbukirani chinthu chimodzi chimene mukuchidziwa za Mulungu, ngakhale simukuchimva mumtima. Masiku ena mudzathera pa gawo lachiwiri. Limenelonso ndi pemphero.

Sindikutha kupemphera n'komwe, ndipo nyimbo za kutchalitchi zikundiliza.

Zimachitika kwa ambiri, ngakhale akulu a mpingo. Pemphani munthu mmodzi azibwera kudzapemphera mokweza inu mukungomvetsera. Aroma 8:26 akuti Mzimu amatipempherera ndi zobuula zosaneneka pamene ife sitidziwa chopempha. Kutchalitchi khalani pafupi ndi khomo kuti muthe kutuluka nyimbo imene inaimbidwa kumanda ikayamba. Choopsa si kutuluka pakati pa mapemphero, koma kudzitsekera m'nyumba miyezi ingapo mpaka kubwerera kukhale kochititsa manyazi.

Tikapita kukakhuza maliro tinene chiyani, tisanene chiyani?

Chabwino chimene abwenzi a Yobu aja, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anachita ndi kukhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osalankhula kanthu (Yobu 2:13). Zinaipa atayamba kufotokoza. Pa siwa, “pepani” ndi kukhala pamphasa n'zokwanira. Tengani zimene zikufunikadi: ufa, nkhuni, shuga, ndiwo, sopo. Chipepeso cha ndalama chilembedwe m'kope pali anthu awiri, ndipo chotsala akalipira bokosi, galimoto ndi chakudya cha adzukulu chiperekedwe m'manja mwa wamasiye mwiniwake. Mikangano yambiri ya pambuyo pa maliro imayambira pa kope limeneli.

Mawu ena ndi oona koma ali ndi nthawi yake. Aroma 8:28, loti zonse zithandizana kuwachitira ubwino okonda Mulungu, si vesi loponyera mayi amene akugubuduzika pafumbi. Silikunenanso kuti imfayo ndi yabwino, kapena kuti tidzauona ubwinowo ndi maso athu. Vesi lotsatira likuti ubwinowo ndi kufanana ndi Mwana wake. Yosefe ananena yekha za mabala ake, patapita zaka zambiri. Lolani namfedwa adzafike yekha pa mawu amenewa. Pewaninso “mudzabereka wina”, “ukadali mtsikana, udzakwatiwanso”, “limbani mtima, ndinu bambo”, ndi kufunsa mwatsatanetsatane mmene anafera pamene wamasiye wafotokoza kale kakhumi tsiku lomwelo.

Kwa olalikira: maliro si malo obwezera anthu amene sabwera kutchalitchi, kapena oweruzira malemu. Mphindi 15 kapena 20 n'zokwana, anthu ali padzuwa ndipo ena sanagone.

Koma ntchito yaikulu ili pambuyo. Pa tsiku loika maliro anthu amakhala mazana. Pakatha masabata awiri alendo apita, ufa watha, nyumba ili zii. Mpingo kapena mphakati ugawane mayina: anthu awiri sabata iliyonse kwa miyezi itatu yoyamba, kenako kamodzi pamwezi mpaka chaka chikwane. Amayi ayendere mayi wamasiye, abambo ayendere bambo, kupewa mphekesera. Lembani masiku ovuta: kutsegulira sukulu, nthawi yogula feteleza, Khirisimasi, tsiku limene malemu anamwalira. Musafunse kuti “tikuthandizeni chiyani”, poti wamasiye amangoti palibe. Nenani kuti Loweruka tibwera ndi makasu kudzapalira. Ndipo tchulani dzina la malemu. Ofedwa ambiri amaopa kuti m'bale wawo waiwalika. Akuluakulu anati maliro n'kulirana.

Achibale akuti imfayi ndi ya ufiti, ndipo akufuna tikaombeze kapena tipite kwa mneneri. Titani?

Funso la “ndani wachita” limabadwa chifukwa mtima sufuna kuvomera imfa yopanda woiyankha. Baibulo silikana kuti mphamvu za mdima zilipo, koma limaletsa kuombeza ndi kufunsa kwa akufa (Deuteronomo 18:10-12), ndipo m'buku la Yobu Satana sanadumphe malire amene anaikiridwa. Mneneri amene amatchula dzina la m'bale wanu kuti ndiye wapha akuchita ntchito ya woombeza, kungoti wanyamula Baibulo.

Onani amene amalozedwa chala: kawirikawiri ndi gogo wokhala yekha, mayi wamasiye, kapena m'bale amene mukulimbirana naye munda. Nyumba zatenthedwa, okalamba aphedwa kumanda komweko m'dziko muno chifukwa cha mawu otere. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Chitani izi. Funsani dokotala kapena kiliniko ofesala amene ankathandiza malemu kuti akufotokozereni matendawo, pali achibale a mbali zonse ziwiri. Imfa zambiri zimene anthu amati “wamenyedwa hamala” ndi sitiroko yobwera ndi BP imene siinayezedwepo, ndipo mwana wokomoka mwadzidzidzi nthawi zambiri amakhala ndi malungo aakulu. Ngati mukukayikira poizoni kapena kumenyedwa, kaneneni kupolisi maliro asanaikidwe kuti thupi liyezedwe. Mukamva kuti anyamata akupangana zokachita chipongwe kwa wina, uzani amfumu ndi apolisi msanga, ndipo munthuyo achotsedwe pamalopo mwambo usanayambe.

Ngati Mulungu analemberatu masiku athu, kupita kuchipatala n'kwa chiyani?

Mulungu amene amadziwa mapeto ndi yemweyo amene anaika njira. Pa Machitidwe 27 Paulo analonjezedwa kuti mwa anthu 276 a m'chombo palibe adzafe, komabe amalinyero atafuna kuthawa anati akapanda kukhala m'chombo, enawo sapulumuka. Nehemiya anapemphera n'kuikanso alonda usana ndi usiku (Nehemiya 4:9).

Choncho mwana akatentha thupi akayezedwe malungo pasanathe maola 24, ndipo akapatsidwa mankhwala a LA amalize: kawiri patsiku kwa masiku atatu, ngakhale ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Wotsegula m'mimba mwamadzimadzi ayambe kumwa Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, ali m'njira yopita kuchipatala. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu 2022 unapha anthu oposa 1,700. Wa ma ARV, wa shuga, wa BP kapena wa khunyu asasiye mankhwala chifukwa wapemphereredwa. Amene wachiradi, kuyeza kwa kuchipatala kudzaonetsa. A zanyengo akachenjeza kuti musamuke kumadambo, kusamukako si kuchepa chikhulupiriro.

Kwa amene mukudziimba mlandu kuti munachedwa kupita naye kuchipatala: mukuweruza za dzulo ndi nzeru za lero. Ngati panalidi kunyalanyaza, kuli chikhululukiro. Ngati munalibe ndalama ya kabaza pakati pa usiku, umenewo si mlandu.

Tinapemphera, tinasala kudya, tinapereka ndi chopereka chapadera, koma anamwalirabe. Chikhulupiriro chathu chinachepa?

Paulo anapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi mwake, ndipo sunachoke (2 Akorinto 12:8-9). Anasiya Trofimo akudwala ku Mileto (2 Timoteo 4:20). Elisa, amene anaukitsa mwana wa mayi wa ku Sunemu, anafa ndi matenda (2 Mafumu 13:14). Pa Machitidwe 12, Yakobo anaphedwa ndi lupanga pamene Petro anatulutsidwa m'ndende ndi mngelo, mpingo wake womwewo. Ndipo m'Getsemane Mwana wa Mulungu anapempha kuti chikho chim'pitirire, koma anachimwera.

Chiphunzitso choti machiritso amagulidwa ndi kukula kwa chikhulupiriro kapena kwa ndalama chimapweteka kawiri: banja lataya munthu, kenako likuuzidwa kuti ndilo lalakwa, nthawi zina litagulitsa mbuzi ndi malata. Pemphero ndi pempho la mwana kwa Atate. Limamveka, koma silim'manga Mulungu manja.

Achibale a mwamuna wanga akutenga katundu, ndipo akuti ndingosiyira Mulungu. Ndikadandaula ndiye kuti sindikum'khulupirira?

Ayi. Mulungu amene mukum'khulupirirayo analetsa kuzunza mkazi wamasiye ndi mwana wamasiye (Eksodo 22:22), ndipo Yesu anapereka chitsanzo cha wamasiye amene sanatope kupita kwa woweruza (Luka 18:1-8). Kukhululuka n'kusabwezera, si kusiya ana agone panja.

Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limati kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana, ndi amene ankadalira malemu, ndipo katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiye. Sungani pamalo abwino chiphaso cha imfa, kalata ya ukwati, chiphaso cha unzika cha malemu, mapepala a banki, a nyumba ndi a kuntchito. Lembani katundu yense pali ankhoswe a mbali zonse ndi mkulu wa mpingo. Musasaine pepala limene simunalimvetse, makamaka m'masiku a siwa. Zikavuta yambani kwa amfumu, kenako nthambi ya Victim Support kupolisi, ofesi ya DC, kapena a Legal Aid Bureau ngati mulibe ndalama ya loya. Palibenso amene angakukakamizeni chokolo kapena mwambo wogonana ndi munthu pofuna kuchotsa imfa.

Abambo amene mukuwerenga muli moyo: kulemba wilo si kuitana imfa. Ilembedwe, musaine pali mboni ziwiri zosapindula nayo.

Nanga amene sanaferedwe koma ataya mbewu, ntchito kapena bizinesi?

Chimenechonso n'chisoni, ndipo choipa chake palibe amene amabwera ndi chipepeso. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, mabwato a ku Kachulu n'kukhala pamatope ouma, matemba osaoneka. Habakuku analemba za mkuyu wosaphuka, minda yopanda chakudya ndi makola opanda ng'ombe, n'kunena kuti adzakondwerabe mwa Yehova (Habakuku 3:17-18). Koma anafika pamenepo atatha mitu iwiri akufunsa Mulungu mafunso olimba. Uzani akunyumba zoona zake za ngongole msanga, kambiranani ndi a banki m'khonde tsiku lobweza lisanakwane, ndipo musatseke ngongole ndi katapila.

Ana tiwauze chiyani?

Zoona, m'mawu a msinkhu wawo: “Amayi amwalira. Thupi lawo lasiya kugwira ntchito, sadzabweranso kunyumba kuno.” Mukati apita ku Joni, mwana amadikira pamsewu, ndipo akadzazindikira sakhulupiriranso akuluakulu. Mukati agona, amaopa tulo. Mukati Mulungu wawatenga osafotokoza, amayamba kuopa Mulungu kuti atenganso bambo. Muuzeni kuti si iye wachititsa, muuzeni amene azimusamala ndi kumene azigona, ndipo dziwitsani aphunzitsi ake. Kukodza pogona, ndewu ndi kutsika m'kalasi ndi mmene ana ambiri amalirira; musathamangire chikwapu.

Chisoni chimatha liti, ndipo ndi liti pamene tikufunika achipatala?

Chilibe kalendala. Kumeta, kusudzula kapena kuvundukula chiliza kumatseka mwambo, osati mtima. Kusowa tulo, kuiwalaiwala, kusafuna kudya, kumva ngati malemu akuitana, n'zachizolowezi m'masabata oyamba. Chimachepa pang'onopang'ono, n'kumabweranso mwadzidzidzi pa nyimbo kapena fungo la malaya.

Pitani naye kuchipatala ngati papita miyezi ingapo munthu sakutha kusamba, kuphika kapena kugwira ntchito, akuonda, wayamba kumwa kachasu tsiku ndi tsiku, kapena akulankhula zosagwirizana. Eliya atapempha kuti afe pansi pa mtengo, Mulungu anayamba ndi chakudya, madzi ndi tulo, zokambirana zinabwera pambuyo (1 Mafumu 19). Kuno ku Zomba tili ndi chipatala cha matenda a maganizo, ndipo kupitako si kuti munthu wapenga. Mungayambire pachipatala chaching'ono cha kwanuko kuti akutumizeni.

Musadikire ngakhale tsiku limodzi mukamva mawu onga “ndim'tsatira”, “mundisamalire anawa”, kapena mukaona munthu akugawa katundu wake ndi kutsanzika. Abambo ndiwo amabisa kwambiri. Mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikum'patsa maganizowo. Musam'kalipire ndi mavesi. Chotsani m'nyumba tameki, mankhwala a m'munda ndi a chimanga, mapiritsi ndi zingwe. Asagone yekha, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, wina wa mumpingo akuperekezeni.